Nambala 9 wa ku Nkando

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri. Koma poti anzanga a pa bawo ku Chitakale amaifotokoza mokhotetsa, wina mpaka kumawonjezera kuti ndinakomoka, ndati bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, zimenezo sindikana. Mukatha kuseka mundisiyireko ulemu pang'ono, ndili ndi adzukulu.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chitakale. Mkati mwa sabata ndinkayeza masamba pa sikelo n'kumalemba makilo. Koma ikangokwana wikendi ndinkasanduka munthu wina: Bwana Manijala wa Madengu Stars. Dzinalo linabwera lokha, chifukwa pafupifupi osewera athu onse ankakhalira dengu kumsana m'mizere ya tiyi.

Bwalo lathu linali kuseri kwa makomboni. Ha, bwalo limene lija! Linali lopendekera kumtsinje, moti mpira ukausiya wokha unkayamba ulendo. Ukaima pakati, phiri linkaoneka ngati latsamira golo lakumtunda, ndipo mphepo ikachokera ku fakitale bwalo lonse linkanunkhira tiyi wouma. Lamulungu masana thalakitala ya esiteti inkabwera itadzaza masapota m'ngolo, amayi akuimba ng'oma ikulira. Chinanazi chodula, zitumbuwa, nzimbe, zonse zinkapezeka pamenepo. Mabanja ambiri a m'makomboni muja anayambira pa mzere wa bwalo limenelo. Langa lomwe.

Tinalinso ndi chuma chimene matimu onse a m'zoni yathu ankachisirira: maneti. Maneti enieni oyera, awiri, amene bwana wina wakale anatisiyira pobwerera kwawo. M'mabwalo ena chigoli chinkayamba chakambidwa kaye, nthawi zina ndi zibakera. Kwathu mpira ukagona mu neti, nkhani yatha.

Vuto linali loti unkakonda kugona mu neti ya kumbuyo kwa goloboyi wathu.

Chaka chimenecho tinali pansi penipeni pa ligi. Kutatsala masewero atatu, bwana wa esiteti anandiitanitsa ku ofesi. Sanandilozere n'komwe mpando.

"A Nakoma, fakitale ikufuna nkhuni. Mukatuluka m'ligi chaka chino, pa bwalo paja tidzalapo bulugamu."

"Bwana, tatsala pang'ono kudzuka."

"Chaka chatha munateronso. Mwamva zimene ndanena."

Ndinatuluka. Nditaweruka ndinakafika kwa kochi wathu, a Muhiwa, amene anali mlonda wa pa geti.

"Kumbuyo tilibe vuto lalikulu," anatero a Muhiwa. "Timagonja ndi chimodzi, ziwiri. Koma kutsogolo kulibe munthu. Tipezereni wodziwa kumene golo lili, basi."

Malamulo a ligi yathu anali otere: timu iliyonse mayina makumi awiri, munthu aliyense ndi khadi lake la chithunzi. Ukafuna kulowetsa dzina latsopano, uchotse lina. Ndipo buku losinthira mayina linali kutsekedwa Lachisanu la sabata yotsatira. Mndandanda wathu unkakhala m'thumba la malaya anga, ndipo ndinkaunyadira kuposa setifiketi ya ukwati.

Dzina lomalizira pa mndandandawo linali la Faisoni. Uyu sankathyola tiyi. Anali bambo wa ana awiri, ndipo ntchito yake inali kunyamula zikwama za alendo okwera ku Chambe. Akapeza alendo ankatha masiku awiri atatu m'phiri, choncho ku tireningi ankaoneka mwa apo ndi apo. Ine ndinali ndi lamulo langa: wojomba tireningi, benchi! Komanso tsiku loyamba lomwe ndinangoyang'ana akatumba a miyendo yake, onga mitondo, n'kulemba kuti difenda. Pa zaka zitatu anasewera mwina kanayi, cha kumapeto, masewero atawonongeka kale.

Nthawi zina ankandiyandikira mwaulemu.

"Bwana Manijala, tsiku lina mudzandiyeseko kutsogolo."

"Kutsogolo kwa chiyani? Kwa mzere wa alendo okwera phiri? Khala pansi, iwe!"

Anthu ankaseka, ine n'kumadzimva kuti ndine wanthabwala.

Mbiri inali itamveka kuti timu ya ku Nkando, Mabingu, yayamba kumwetsa zigoli modabwitsa. Lamulungu limenelo ife tinalibe masewero, ndiye ndinakwera minibasi kukaona ndekha. Sindinauze munthu. Ndinavala chijasi chachikulu ndi chipewa, kuti asandizindikire n'kuyamba kukweza mtengo.

Tsikulo kunali chiperoni cha mtundu wake. Nkhungu inatsika m'phiri n'kudzakhala pa bwalo, kamvula kowaza kakungoti waa osaleka. Ine pofuna kubisala ndinakaima pa chulu, kutali kuseri kwa golo. Ndiwonjezere kuti ku chipatala anali atandiuza kale kuti maso anga saona patali, koma magalasi ndinawakana. Manijala wa magalasi, osewera angamuope?

Choncho nkhope sindinkaziona. Ndinkangoona manambala oyera pa misana. Koma abale, nambala 9!

Munthuyo anavala chipewa choluka chofika m'nsidze, ine ndinati n'chifukwa cha kuzizira. Ankathamanga atawerama pang'ono, mutu patsogolo, osatopa. Ena onse akuterereka m'matope, iye akungodutsa ngati ndi pa tara. Chigoli choyamba cha mutu. Chachiwiri cha mwendo wamanzere. Chachitatu anapyoza anthu atatu, goloboyi n'kukhala pansi yekha. Ndinaiwala zoti ndabisala, ndinakuwa mpaka chipewa kugwa.

Koma ine sindine munthu wogula chinthu ndisanafufuze. Masewero atatha ndinatsatira lifali kuseri kwa kalasi kumene ankasintha nsapato.

"A lifali, wamwetsa zitatuyo ndi ndani?"

Anatulutsa pepala lonyowa. "Khadi nambala 9. Jelemiya."

"Ndione khadilo."

Chithunzi chake chinali chitavumbwa kambirimbiri, chongotsala ngati mtambo wokhala ndi makutu. Koma dzina linkawerengeka bwinobwino. Ndinalemba pa chikhatho: Jelemiya. M'minibasi yonse dzanja ndinalifumbata kuti lisafufutike.

Lachiwiri ndinapempha hafu dee, n'kubwerera ku Nkando ndi mafomu m'chikwama. Tcheyamani wa Mabingu anali Che Sumani, wogulitsa nyama ya mbuzi pa msika. Ndinawapeza akudula nthiti pa chitsa.

"Che Sumani, sindizungulira. Ndikufuna nambala 9 wanu."

Anaika chikwanje pansi. "Nambala 9? A Jelemiya?"

"Omwewo."

"Akulu, mwadya koma lero? A Jelemiya ndi telala. Kubadwa anayamba ndi iwo, inu pambuyo."

Ndinamwetulira. Ine ndinakulira pa msika wa Chitakale, machenjera onse ndimawadziwa. Munthu akafuna kusunga mbuzi yake yonenepa, amakuuza kuti ikutsokomola.

"Akhale telala, akhale wosoka nsapato, ndikumufuna. Ndikupatsani mpira watsopano, wosamenyedwapo."

"Ayi, akulu, ndingachimwe. Munthuyo bondo linatha kalekale."

"Bondo lomwe ndaliona Lamulungu lija?"

Che Sumani anatsokomola, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Munalipo Lamulungu?"

"Pa chulu. Ndinaona zonse."

"Zonse?"

"Zonse! Zigoli zitatu za Jelemiya, ndi maso angawa."

Anapuma mozama, mapewa n'kutsika. Ine ndinati ndawagwira pakhosi. Ndinakweza mtengo.

"Mpira, ndi neti imodzi."

"A Nakoma, ndikukuuzani ngati m'bale wanga. Musiyeni mkulu uja azisoka."

"Maneti onse awiri!"

Anthu ogula nyama anali atayamba kutizungulira. Mayi wina anati, "Maneti a ku Madengu aja? Chifukwa cha a Jelemiya?" n'kugwira pakamwa. Ine ndinati onsewa apangana, mudzi wonse ukuteteza chuma chake.

Che Sumani anapukusa mutu. "Wallahi mukudzipweteka. Kachitatu aka ndikukuletsani. Mulungu ndi mboni."

Apa ndinakumbukira kuti kuti Jelemiya alowe pa mndandanda, ndiyenera kuchotsa dzina limodzi. Ndinati m'malo molitaya chabe, bwanji ndiliike pamwamba, monga amachitira amayi a tomato akakuwonjezera kamodzi ukagula mulu.

"Chabwino. Mpira, maneti awiri, ndipo ndikuikirani pulayizi. Ndili ndi difenda wina wongokhala pa benchi. Faisoni."

Pa msika panakhala ngati padutsa maliro. Che Sumani anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Faisoni uti?"

"Wonyamula katundu ku Chambe uja."

"Ndi khadi lake lomwe?"

"Khadi, masokosi, zonse. Mutengeni."

Anayang'ana kumwamba, n'kunena mawu ena m'Chiyao amene sindinawamve. Kenako anati, "Mafomu muli nawo pompano?"

Tinasainira pa chitsa chomwecho, fomu mpaka kudontheredwa magazi pakona. Ponyamuka anandikulungira chiwindi chaulere, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinawamvera chisoni. Ndinati mkuluyu ndamulanda mwana wake wokondedwa.

Lachitatu m'mamawa ndinali kale ku boma, kukapereka mafomu kwa mlembi wa ligi, kuopa kuti Che Sumani angasinthe maganizo. Chidindo chitagunda, ndinapita kukamuuza Faisoni. Ndinamupeza pakhonde akusoka lamba wa chikwama.

"Faisoni, mpira ndi bizinesi. Ndakutumiza ku Nkando."

Anasiya kusoka. "Ku Mabingu, bwana?"

"Eya. Usadandaule, benchi ya kumeneko ili pamthunzi."

"Nanga inu mwatengako ndani?"

"Nambala 9 wawo. Jelemiya!"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bwana Manijala, kodi munthuyo munamuona bwino nkhope?"

"Mpira sitiyang'ana nkhope, mphwanga. Timayang'ana miyendo."

"Zikomo, bwana."

M'nyumba ndinamva mkazi wake akusisima, mbale zikugwa. Ndinachoka msanga, poti sindikonda kuona akazi akulira. Patapita nthawi ndi pamene ndinadziwa kuti kunali kuseka.

Lachinayi madzulo tinakonza chilandiro pa siteji ya Chitakale. Ndinabwereka thalakitala, masapota anabwera ndi ng'oma, amayi atapeka kale nyimbo ya Jelemiya. Ine ndinakwera pa ngolo n'kulankhula ngati phungu.

"Anthu a Madengu! Ndamuona ndekha ndi maso angawa! Zigoli zitatu m'matope! Bulugamu akadzale kwawo!"

Nthungululu! Minibasi ya ku Nkando inaima. Anatsika mayi wa nkhuku. Anatsika mphunzitsi. Kenako panatsika bambo wa imvi m'ndevu, mimba patsogolo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anatembenuka n'kuuza kondakitala, "Mosamala mashiniyo, mutu wake ndi wosachedwa kuguluka."

Ng'oma inayamba kuchepa mphamvu.

A Muhiwa anandikoka malaya. "A Manijala, awa ndi bambo ake?"

Mkuluyo anabwera molunjika kwa ine, manja awiri patsogolo, maso ali ndi misozi.

"Ndinu a Nakoma? Ine ndine Jelemiya. Achimwene, zaka makumi awiri ndakhala ndikudikira kuti wina aone luso langa. Mulungu akudalitseni!"

Ndinayang'ana mimba ija ndi imvi zija. Koma anthu onse a Chitakale anali akundiyang'ana, ndipo ndinadziuza kuti nkhungu imachepetsa thupi la munthu. Ndinawanong'oneza, "Zigoli zitatu za Lamulungu zija, n'zanu eti?"

"Zili pa khadi langa," anayankha mosaphethira.

"Mwamva?" ndinakuwa. "Imbani ng'oma!"

Ku tireningi ya tsiku lotsatira a Jelemiya anathamanga theka la bwalo, mbali yotsetsereka, n'kuima atagwira m'chiuno. Atapezako mpweya anayamba kuzungulira osewera, akugwira akabudula awo.

"Anasoka izi ndani? Ameneyu ngofunika kumangidwa. Vulani, mubweretse kuno."

A Muhiwa anandiyang'ana.

"Akusunga mphamvu," ndinatero. "Ma professional amatero. Inu simunaonepo, n'chifukwa chake."

Tsiku lomwelo buku la mayina linatsekedwa.

Masewero oyamba a Jelemiya anakhala m'bwalo mphindi khumi ndi ziwiri. Anagwidwa ofusayidi kawiri, kachiwiriko akumanga chingwe cha nsapato. Tinagonja ndi chimodzi. Ndinati sanazolowere kupendekeka kwa bwalo. Masewero achiwiri ndinati apume, ndipo tinalepherana opanda chigoli. Uku akabudula athu anali atakongola kuposa a timu iliyonse m'zoni. Ku Nkando kunkamveka kuti zigoli zikungogwa ngati mango, koma ine sindinafunse kuti akumwetsa ndani. Kunena zoona, ndinkaopa yankho.

Masewero omaliza anali a pakhomo, ndipo alendo ake anali Mabingu. Tikapambana, tikhala m'ligi. China chilichonse, bulugamu.

Sindidzaiwala tsiku limenelo. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo, phiri likuoneka mwala uliwonse. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo ya mapeyala. Nkhalamba zimene zinasalaza bwalolo ndi makasu zinabwera ndi mipando yawo. Magolo athu anali ali mbulanda, koma masapota anali atapeza ubwino wake: popanda neti, chigoli chilichonse cha Mabingu tikanati chadutsa kunja.

Kenako lole ya ku Nkando inafika. Woyamba kutsika anali Che Sumani, atasenza mtolo woyera.

"A Nakoma, tabwera nawo maneti. Tikubwerekani lero lokha, kuti pasakhale mikangano."

Anawamangirira okha, mfundo iliyonse kuikoka kawiri.

Mabingu atalowa m'bwalo ndinaona Faisoni ali kutsogolo, jezi nambala 9 pamsana. Ndinaseka mokweza kuti anthu amve.

"Taonani! Difenda wa pa benchi ampatsa nambala 9! Tawasiya opanda kanthu anthuwa!"

Wezulo inalira. Mpira unaponyedwa kutsogolo, ndipo Faisoni ananyamuka. Anadutsa pafupi ndi ine, mwina mapazi asanu, pamene ngakhale maso angawa amaona bwino. Atawerama pang'ono, mutu patsogolo, ngati munthu amene wasenza chikwama akukwera phiri.

Kuthamanga kumeneko ndinali nditakuonapo, ndili pa chulu.

Neti inagwedezeka.

A Muhiwa anavula kapusi pang'onopang'ono. "A Manijala, uyu si difenda wathu uja?"

"Ndi mwayi chabe," ndinatero, mawu akutuluka ngati a nkhuku yomira.

Chachiwiri chinali cha mutu. Chachitatu cha mwendo wamanzere. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Faisoni sankavina. Akamwetsa ankabwera chakufupi ndi benchi yathu, n'kupinda bondo pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu kuloza kwa ine, ngati mkamwini wopatsidwa malo. Bola akanandinyoza.

Pofika hafu taimu, nyimbo ya amayi ija inali itasintha mawu. Dzina la Jelemiya linali litachokamo, mutalowa langa. Sindingabwereze zimene inkanena. Mayi a kunyumba ndinawaona ali kumbuyo kwa gulu, akuyesetsa kuti pakamwa pawo pasayende.

Chigawo chachiwiri Faisoni anawonjezera chachinayi. Kutatsala mphindi zisanu a Jelemiya anaimirira okha, n'kuvula tepi m'khosi.

"Achimwene, ndilowe. Munandigula ndi maneti awiri."

A Muhiwa anangokweza mapewa. Mkulu uja analowa n'kukaima pafupi ndi goloboyi wa Mabingu, poti kumeneko n'kumene kunali kotsetsereka. Goloboyiyo anagwira mpira, n'kuumenya mwamphamvu kuti upite kutsogolo. Unakagunda a Jelemiya kumsana, iwo akuyang'ana kwina, n'kubwerera mu neti.

Bwalo lonse linaphulika, a Madengu ndi a Nkando omwe! Anthu anathamangira m'bwalo kukawanyamula, koma atayesa kawiri anangowakumbatira. A Jelemiya analira ngati mwana. Chinali chigoli chawo choyamba chenicheni chibadwire. Tinagonja zinayi kwa chimodzi, ndipo tinatuluka m'ligi.

Anthu akubalalika, ndinawapeza Che Sumani akumasula maneti.

"Munandipusitsa," ndinatero.

"Ine? Ndinakuletsani katatu, pamaso pa msika wonse."

Apa ndi pamene anandimasulira. A Jelemiya ndi amene anasoka majezi a Mabingu ulere, ndiye powathokoza timu inawalembetsa khadi nambala 9, kuti azilowa mphindi zomalizira zinthu zikakhala bwino. Faisoni atatopa ndi benchi yanga anayamba kupita ku Nkando Lamulungu lililonse limene ife tinalibe naye ntchito, n'kumasewera pa khadi la a Jelemiya, chipewa chili m'nsidze. Chithunzi chofufutika chija chinkalola nkhope iliyonse.

"Ndikanakuuzani bwanji?" anatero Che Sumani. "Mukanakatinenera ku ligi, atilande mapointi. Ine ndinkafuna mupite kwanu ndi maneti anu. Koma inu munabweretsa pulayizi."

"Ndikatinenera tsopano! Ndikupita ku boma mawa!"

"Pitani. Koma mboni yaikulu ndi inu. Munakwera pa ngolo pa Chitakale n'kulengeza kuti munaona a Jelemiya akumwetsa zitatu ndi maso anu."

Anakulunga maneti n'kuwaika paphewa.

Faisoni anali atakhala pa udzu akumasula nsapato. Ataona ndikubwera anaimirira.

"Iwe, bwanji sunandiuze kuti umatha kumwetsa?"

"Ndinkanena, bwana. Zaka zitatu."

Panalibe mwano m'mawu akewo, ndipo n'chifukwa chake anandilasa. Mpaka lero tikakumana pa siteji amandipatsa moni wa manja awiri, n'kunditchula Bwana Manijala.

Mvula yoyamba itagwa, anthu a esiteti anabwera ndi zingwe ndi makasu. Lero pamalo paja pali nkhalango, mitengo yadulidwa kale kawiri n'kuphukanso. Ndikamadutsa ndimatha kuloza pamene panali golo lakumtunda, pamene amayi ankaika madengu a chinanazi, pamene ndinaima tsiku limene ndinalankhula koyamba ndi mayi a ana anga. Zimandiwawa, sindinama. Bwalo lija ndimalisowa kuposa mano amene ndinachotsa, ndipo ndimadziwa kuti linapita ndi siginecha yanga.

Koma manyazi enieni anali asanafike.

Timu sinafe. Tinapempha bwalo la sukulu ya pulayimale kuti tiyambirenso m'ligi yaing'ono, ndipo tinaitanitsa msonkhano wa masapota onse pansi pa mtengo wa mango. Choyamba anasankha wosewera wabwino wa chaka. A Jelemiya anapambana popanda wopikisana nawo, chifukwa cha chigoli chija ndi akabudula. Kenako a Muhiwa anaimirira, kapusi m'manja.

"Abale, a Manijala atiphunzitsa kuti mpira ndi bizinesi. Ndiye ndikuti nawonso tiwaike pa transfer. Tiwapereke ku Nkando."

"Tisinthanitse ndi chiyani?" wina anafunsa.

"Neti imodzi."

"Yachuluka! Sangalole!"

"Ndiye aulere."

Manja onse anakwera m'mwamba. Ndinayang'ana kumbali, ndinaona la mayi a kunyumba lili m'mwamba kuposa onse. Kalata inalembedwa pomwepo, ndipo poti kalaliki ndinali ine, anandipempha kuti ndikonze masipelo. Anaipereka kwa kondakitala wa minibasi.

Yankho linabwera tsiku lotsatira, litalembedwa pa pepala lokulungira nyama. A Muhiwa analiwerenga mokweza pa geti, anthu akuweruka.

"Abale athu a Madengu, zikomo chifukwa cha mtima wanu wopatsa. Koma a Nakoma tawakana. Chonde asiyeni akhale manijala wanu. Amatithandiza kwambiri ali komweko."

Kuyambira tsiku limenelo, wogulitsa akandiuza kuti katundu wake ndi woipa, ndimamukhulupirira.